SITOLO YOCHIPA IKHALE YA ANTHU ONSE

Kumapeto kwa mwezi uliwonse masitolo akuluakulu a mu Chipata ndi m'matauni ena a kuno kum'mawa adzaza ndi anthu. Zikwangwani zofiila zilengeza kuti unga, saladi, shuga ndi sopo zatsika mtengo. Kwa banja la mu komboni, limene ndalama zake zambili zithela pa cakudya, kwacha iliyonse yotsala ili ndi nchito. Ndiyo igula dzila la mwana, ndiponso ndiyo ilipila ulendo wa ku kiliniki. Motelo mtengo wa cakudya ndi nkhani ya umoyo.

Koma munthu woyang'ana bwino pa mizele ya polipilila adzaona kuti ambili oimapo ndi anthu amphamvu, amene alandila malipilo a pamwezi. Nkhalamba zioneka zocepa. Oyenda pa njinga ya olemala saoneka kawilikawili, ndipo akhungu ndi osowa. Anthu amenewa naonso akudya tsiku lililonse, ndipo ambili a iwo ndiwo osauka kuposa onse. Ngati sapezeka m'sitolo yochipa, ndiye kuti akugula kwina pa mtengo wokwela. Sitolo iyenela kuchedwa yochipa pokhapo ngati munthu wofooka angathe kufikako, kulowa, kuwelenga zolembedwa pa katundu ndi kugula mlingo umene angakwanitse.

KUMENE ZINACOKELA

Acikulile akumbukila masiku a masitolo a boma monga ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni. M'zaka za m'ma 1980 anthu anali kulawilila m'mamawa kukaima pa mzele wa saladi, shuga kapena sopo, ndipo nthawi zambili katundu anali kutha mzele usanathe. Kukwela kwa mtengo wa unga kunabweletsa cipolowe ku Copperbelt mu December 1986 ndi ku Lusaka mu June 1990. Mu 1989 boma linayamba kupeleka makuponi ogulila unga. Pa mizele imeneyo wamphamvu ndiye anali kupata, wofooka anali kubwelela cimanjamanja.

Zinthu zinasintha pambuyo pa 1991, pamene makampani a boma anayamba kugulitsidwa. Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yake yoyamba m'Zambia mu 1995 pa mseu wa Cairo mu Lusaka, ndipo pambuyo pake inafika m'zigawo, kuphatikizapo Chipata. Choppies ya ku Botswana inalowa m'dziko muno mu 2015. Palibe angakane ubwino umene masitolo otele anabweletsa. Mashelufu ndi odzaza, mtengo walembedwa poonekela, nyama ndi mkaka zikhala m'filiji, ndipo wogula apatsidwa lisiti. Komabe vuto lakale la wamphamvu ndi wofooka lilipobe.

ULENDO NDI KHOMO

Masitolo akuluakulu amangidwa pakati pa tauni kapena m'mbali mwa mseu waukulu, pamene a galimoto afika mosavuta. Wokhala ku Mchini, ku Navutika kapena ku Magazine ayenela kuyenda mtunda kapena kulipila njinga. Pobwelela ali ndi thumba la unga la 25 kg. Mnyamata alisenza kapena kulimanga pa njinga. Ambuya a zaka 70 a nyamakazi m'mabondo sangathe, ndipo mai wapakati wa miyezi isanu ndi itatu sayenela kuyesa n'komwe. Akalipila ulendo wopita, wobwelela ndi wonyamulila katundu, ndalama zimene anati apulumutse zatha kale.

Wofika pa khomo apezanso zocinga zina. Kafukufuku wa boma wa 2015 wokhudza olemala anapeza kuti pafupifupi anthu 11 mwa acikulile 100 alionse m'Zambia ali ndi cilema ca mtundu wina. Ena anabadwa naco, ena anapunduka ndi poliyo ali ana, ena ndi ngozi za pamseu. Ciwelengelo ca amene afa ziwalo mbali imodzi cifukwa ca BP, ndi amene adulidwa phazi cifukwa ca matenda a shuga, cidziwika bwino kwa aliyense wogwila nchito m'cipatala. Kwa anthu otele sitepe imodzi yokha ndi cipupa.

Potsetseleka pokwelela njinga ya olemala payenela kukhala pofatsa. Muyezo wodziwika kwa omanga nyumba ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwela pakhale masentimita 12 a kutalika. Sitepe ya masentimita 30 ifuna potsetseleka pa mamita atatu ndi theka kapena kuposa. Potsetseleka pacifupi, poima ngati phili, pagwetsa munthu cagada. Ndipo ngakhale pamangidwe bwino, n'zopanda phindu ngati paimikidwa galimoto kapena paunjikidwa makatoni. M'kati namonso, milu ya katundu wotsika mtengo imene iikidwa pakati pa njila icepetsa malo kotelo kuti njinga ya olemala, imene ifika masentimita 70 m'lifupi, ilephela kudutsa.

Izi si nkhani za cifundo cabe. Zambia inavomeleza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olemala mu 2010, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Persons with Disabilities Act. Lamuloli lifuna kuti malo otsegulidwa kwa anthu onse akhale ofikika kwa olemala, ndipo bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities ndilo liyang'anila zimenezi. Wolemala wopempha njila yolowela m'sitolo akupempha cimene lamulo linam'patsa kale.

MZELE, MPANDO NDI CIMBUDZI

Kuima pa mzele kwa theka la ola ndi cinthu copepuka kwa munthu wathanzi. Kwa odwala ena ndi ngozi. Munthu akaima nthawi yaitali osasuntha, magazi acedwa m'miyendo ndipo ocepa afika ku ubongo. Amai apakati, okalamba ndi amene akumwa mankhwala otsitsa BP amva cizungulile, maso acita mdima, ndipo ena agwa. Nkhalamba ikagwa pa simenti ingathyoke fupa la m'ciuno, ndipo ambili othyoka motelo sayendanso monga kale.

Wodwala shuga amene wabaya insulini kapena kumwa mapilisi m'mawa, n'kucedwa kudya cifukwa ca mzele, shuga wake angatsike kwambili. Zizindikilo zake ndi kunjenjemela, thukuta lozizila, njala yoopsa ndi kulankhula zosokonezeka. Mlonda wosadziwa angaganize kuti munthuyo waledzela ndi kum'tulutsa kunja. Cofunika ndi kum'khazika pansi ndi kum'patsa cakumwa cotsekemela kapena masupuni atatu a shuga m'madzi ngati angathe kumeza. Ngati wakomoka asapatsidwe kanthu kukamwa, koma agonekedwe cam'mbali ndi kuthamangila naye ku cipatala.

Palinso nkhani imene anthu acita nayo manyazi. Odwala mtima ndi BP ambili akumwa mapilisi ocotsa madzi m'thupi, amene acititsa munthu kukodza pafupipafupi. Abambo acikulile ambili ali ndi vuto la cikhodzodzo. Ngati m'sitolo mulibe cimbudzi ca ogula, anthu otele asankha cimodzi mwa ziwili: kukhala kunyumba, kapena kusamwa mankhwala tsiku lokagula. Kudumpha mankhwala a BP cifukwa ca mtengo wa saladi ndi kusinthanitsa koipa, koma kucitika.

Mankhwala a mavuto onsewa ndi ochipa. Benchi imodzi pafupi ndi polipilila, malo amodzi olipilila osungidwila okalamba, olemala ndi amai apakati, ndi cimbudzi caukhondo cokhala ndi madzi ndi sopo. Kolela wa 2023 mpaka 2024, amene anapha anthu oposa 700 ndi kusandutsa bwalo la Heroes mu Lusaka kukhala cipatala, anaonetsa kuti madzi osamba m'manja pa malo ogulitsila cakudya si cinthu cokongoletsela.

ZOLEMBA ZOSAWELENGEKA

Pa msika wa Kapata wogula afunsa, agwila, anunkhiza, ndipo wogulitsa ayankha m'cinenelo cake. M'sitolo yaikulu paketi ndiyo ilankhula, ndipo ilankhula m'Cizungu ndi tizilembo tating'ono. Munthu akapyola zaka 40 maso ayamba kulephela kuona zapafupi. Okalamba ambili ali ndi ng'ala, ndipo matenda a shuga aononga maso pang'onopang'ono. Conco amene afunika kwambili kudziwa za m'kati mwa paketi ndiwo alephela kuwelenga.

Pali zinthu zitatu zimene banja lililonse liyenela kudziwa, ndipo mwana wa sukulu angathandize ambuya ake kuziona.

Coyamba ndi tsiku. Mau akuti use by apezeka pa zakudya zoonongeka msanga monga nyama, soseji, mkaka ndi yogati. Tsikulo likapita cakudyaco cisadyedwe, ngakhale cioneke bwino. Mau akuti best before atanthauza kuti pambuyo pa tsikulo kukoma kungacepe, monga pa mabisiketi kapena mpunga. Katundu amene watsitsidwa mtengo kwambili nthawi zambili tsiku lake lili pafupi. Kugula n'kwabwino ngati adyedwa lelo kapena mawa. Citini cotupa, cocita dzimbili kapena cophwanyika m'mphepete cisagulidwe pa mtengo uliwonse, cifukwa cingakhale ndi poizoni wopha.

Caciwili ndi mcele. Bungwe la World Health Organization lilangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mcele patsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi kosadzaza. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti m'Zambia munthu wamkulu anali kudya magalamu 9.5 patsiku, ndipo pafupifupi mmodzi mwa acikulile asanu anali ndi BP yokwela. Pa paketi mcele ubisala m'dzina lakuti sodium. Mamiligalamu 400 a sodium ndi galamu imodzi ya mcele. Supu za m'mapaketi, poloni, soseji, manudozi ndi tokometsela ndiwo zili ndi mcele wambili, ndipo izi ndizo zikopa anthu ndi mtengo wotsika.

Cacitatu ndi shuga. Magalamu 4 ndi kasupuni kamodzi. Botolo la 500 ml la zakumwa zina zozizilitsa kukhosi lili ndi magalamu 50, amene ndi masupuni 12, mlingo umene munthu wamkulu sayenela kupyola pa tsiku lonse. Shuga wa m'Zambia aikidwamo vitamini A kucokela mu 1998, ndipo mcele wogulitsidwa uyenela kukhala ndi ayodini woteteza cithokomilo. Zimenezi n'zabwino, koma si cifukwa codyela zambili.

Lamulo loteteza ogula la 2010 lilamula kuti katundu akhale ndi dzina, zosakanizamo, tsiku lopangidwa, tsiku lothela ndi dzina la wopanga. Liletsa kulipilitsa mtengo woposa wolembedwa pa shelufu, ndiponso liletsa zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Madandaulo apita ku Competition and Consumer Protection Commission. Ndiye cifukwa cake lisiti isatayidwe pa khomo. Koma wakhungu kapena wosadziwa kuwelenga sangaone ngati mtengo wa pa shelufu ndi wa pa lisiti zasiyana. Iye afunika wanchito wa m'sitolo amene angayende naye ndi kum'welengela mwaulemu. Wogontha nayenso afunika wolandila ndalama amene angamuonetse mtengo pa makina kapena kuulemba pa pepala, m'malo mom'kalipila.

WOSAUKA ALIPILA ZAMBILI

Kuchipa kwa sitolo yaikulu kuli pa kugula zambili nthawi imodzi. Thumba lalikulu la unga, cigubu ca saladi ca malita asanu, nkhuku ziwili pa mtengo wotsikilapo. Koma wa maganyu, wogulitsa tomato ndi woyendetsa njinga apata ndalama za tsiku limodzi. Iwo agula pamela pa kantemba, saladi wa m'kapulasitiki ndi shuga wa pa supuni. Mwacitsanzo, ngati thumba la 25 kg ligulidwa pa K250, kilo imodzi ndi K10. Wa kantemba akaligawa m'timapaketi aikapo phindu lake, ndipo salakwa, pakuti nayenso adyetsa ana. Koma pakutha kwa mwezi banja losauka lalipila zambili pa unga womwewo kuposa banja la mphunzitsi kapena la msilikali.

Kusiyanaku kupitilila pa ndalama. Mu August 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti unga wa zigayo zina unapezeka ndi aflatoxin wambili, pambuyo pa imfa za agalu oculuka amene anadya cakudya copangidwa ndi cimanga. Aflatoxin ndi poizoni wocokela ku nkhungu imene imela pa cimanga ndi nshawa zosauma bwino kapena zosungidwa pacinyontho. Aononga ciwindi, angabweletse khansa ya ciwindi, ndipo kuphika sikum'cotsa. Wogula thumba lathunthu anatha kuona dzina la cigayo ndi kuleka kudya. Wogula pamela analibe podziwila, cifukwa kapulasitiki kake kalibe dzina, kalibe tsiku.

Kusunga nakonso ndi vuto. Nyumba zambili za mu komboni zilibe filiji. Ndipo cilala ca 2024, cimene cinacepetsa madzi ku Kariba, cinacititsa kuti malaiti azizima maola 17 patsiku kapena kuposa, kotelo kuti ngakhale okhala ndi filiji anataya nyama. Nyama, nkhuku ndi mkaka zifunika kuzizila kosapyola madigili 5, ndipo cakudya cophika cisakhale panja kupyola maola awili. Nkhuku yochipa imene yasungunuka ndi kuumanso kawili ingatsilizile banja lonse ku wodi ya otsegula m'mimba. Amai apakati asamale kwambili ndi poloni ndi nyama zina zodyedwa osaphika. Mu 2017 ndi 2018 matenda a listeriosis ocokela ku poloni wa fakitale ina ya ku Polokwane anapha anthu oposa 200 ku South Africa, ambili a iwo makanda, ndipo Zambia inaletsa nyama zotele kulowa m'dziko. Kacilombo ka matendawa kakula ngakhale m'filiji.

ENA ADZATI SITOLO SI CIPATALA

Eni masitolo anganene kuti iwo ndi amalonda, ndipo mtengo utsika cifukwa cocepetsa anchito ndi kugulitsa zambili. Anganenenso kuti m'komboni muli misika ndi tuntemba, ndipo palibe amene akakamizidwa kupita ku tauni. Mbali ina ya mau amenewa ndi yoona. Cibwabwa, bondwe, lepu, impwa, kalembula, nyemba, nshawa ndi kapenta nthawi zambili zipezeka zachipa ndi zatsopano pa msika wa pafupi, ndipo ndizo zimanga thupi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Zambia anali opinimbila. Mwana wotele afunika phala la nshawa, dzila ndi ndiwo zamasamba kuposa tokhwasula tonyezimila ta pafupi ndi polipilila. Banja lanzelu silisiya msika.

Koma zinthu zouma monga unga, saladi, sopo ndi mcele zichipadi m'sitolo yaikulu, ndipo si cilungamo kuti kuchipako kukhale kwa amphamvu okha. Benchi, potsetseleka ndi zilembo zazikulu za mitengo sizingagwetse kampani imene igulitsa katundu wa mamiliyoni pa mwezi. Ndiponso wokalamba amene walandilidwa bwino abwelanso mwezi wamawa ndi adzukulu ake. Sitolo imene icotsa ndalama m'komboni ili ndi mangawa kwa anthu onse a m'komboniyo.

ZOYENELA KUCITIKA

Oyang'anila masitolo ayese okha kulowa m'sitolo yao atakhala pa njinga ya olemala, kucokela pamseu mpaka polipilila. Adzaona okha pofunika kukonza. Aike mpando, apatule mzele wa ofooka, atsegule cimbudzi, alembe mitengo ndi zilembo zazikulu pamodzi ndi mtengo wa kilo imodzi, ndipo aike pa shelufu mapaketi aang'ono okhala ndi dzina ndi tsiku pa mtengo wosasiyana kwambili ndi wa thumba lalikulu. Alonda ndi olandila ndalama aphunzitsidwe kuzindikila munthu wodwala ndi kum'thandiza. Akhonsolo, amene avomeleza mapulani a nyumba ndi kupeleka malaisensi a malonda, asavomeleze sitolo yatsopano imene wolemala sangalowemo. Oyendela zaumoyo naonso, poona mafiliji ndi masiku a zakudya, aonenso khomo ndi cimbudzi.

Mabanja nao ali ndi mbali yao. Mutu umodzi susenza denga. Amai amene acita kale cilimba angasonkhe ndalama, atume anthu awili kukagula thumba la unga, cigubu ca saladi ndi katoni ya sopo, n'kugawana pa mtengo wa ku sitolo. Pogawana alembe dzina la cigayo ndi tsiku, ndipo unga ausunge pouma, pamwamba pa thabwa. Asankhe unga wa lola, umene uchipa kuposa buleki ndipo uli ndi zomanga thupi zambili cifukwa sunapunthidwe kwambili. Magulu a m'machalichi ndi makomiti a zaumoyo a m'komboni adziwa nyumba zimene muli nkhalamba yokhala yokha kapena wodwala wosayenda. Potuma anthu ku tauni, ayambe afunsa nyumba zimenezo.

Wodwala BP kapena shuga amene afuna kupita yekha asankhe m'mawa wa pakati pa sabata, osati Cisanu kapena Ciwelu ca kumapeto kwa mwezi. Adye asanacoke kunyumba, amwe mankhwala ake monga mwa masiku onse, anyamule madzi ndi maswiti awili kapena atatu, ndipo alembe zogula pa pepala kuti asacedwe. Akamva cizungulile akhale pansi pomwepo osacita manyazi. Ndipo wacinyamata amene waima patsogolo pa ambuya kapena mai wapakati awapatse malo, osayembekeza kuti mlonda ayambe wanena.